Nambala Yakale ya Sungeni

Mlonda wa pa ofesi ya boma sanamulole Sungeni kudutsa pakhomo. Anangomulozera chikwangwani, n'kumuuza kuti za mapemiti masiku ano zonse amachitira pa intaneti.

Sungeni anabwerera. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba kunja kwa Malawi, mumzinda wa Oshawa, ndipo pemiti yake yogwirira ntchito m'dzikolo inkatha Lachisanu. Bwana wake, Sandra, anali atamuuziratu kuti popanda umboni woti wapempha ina, Lolemba asadzabwere. Fomu anali atadzaza kale, koma akaunti inkakana kutseguka. Inkafuna manambala achinsinsi amene inkatumiza pa foni, ndipo nambala imene analembetsa inali ya ku Malawi, yomwe anaisiya zaka zitatu zapitazo. Akaimbira ofesiyo, ankayankhidwa ndi makina.

Atakhala pa benchi podikirira sitima, anayesa kuimba nambala yakaleyo. Inalowa. Anayankha bambo wina, chigayo chikulira chapafupi. Anati ndi a Wyson a ku Balaka, ndipo nambalayo anaigula chaka chatha. Sungeni anafotokoza zonse mothamanga, n'kuwapempha kuti meseji ikafika amuwerengere.

"Mayi, akuba a pafoni amayankhula chonchi kumene," anatero a Wyson, n'kudula.

Sitima inabwera n'kupita, iye ali pomwepo. Anaganiza za ndege yobwerera kumudzi. Anaimbanso. Ulendo uno anayamba ndi kutchula dzina lake lonse ndi kwawo.

A Wyson sanadule foni.

"Sungeni? Ndinu amene amakufunani bambo ena a ku Ntcheu? Amaimba mwezi uliwonse. Ndimawauza kuti nambalayi inasintha mwini, koma samva."

Anali bambo ake a Sungeni. Anasiyana mokangana pamene ankanyamuka, ndipo chichokereni sanayankhulane.

Sungeni anapemphanso manambala achinsinsi aja pa akaunti. Meseji itafika, a Wyson anatuluka m'chigayo n'kuwerenga manambala asanu ndi imodzi, kawiri, pang'onopang'ono. Akaunti inatseguka. Sungeni anatumiza fomu, n'kuona mawu oti yalandiridwa.

Pomwe ankathokoza, a Wyson anamudula mawu.

"Muwaimbire akuluwo lero. Ulendo watha ankatsokomola kwambiri, sindinamve n'zomwe amanena."

A Wyson anamutumizira nambala ya bambo akewo. Sungeni anaiyang'ana kwa nthawi. Sitima ina itaima, sanakwere. Anaimba, n'kumamvetsera foni ikuitana.