Filimu ya Abiti Asumani

Che Rajabu anafika pa kashopu ka Fiona Lachiwiri m'mawa, akukankha njinga. Fiona ankabena nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi pa Namitambo, ndipo makasitomala ake ambiri anali anyamata a kabaza ndi aphunzitsi. Bambo wa imvi, wa kachipewa koyera ka kumzikiti, sanali munthu woti n'kumuyembekezera pamenepo.

"Mwanangu, akuti ndiwe umaika makanema m'kachinthu aka," anatero akumasula fulashi imene anaikulunga m'kapepala.

"Eya, agogo. Mukufuna otani? Alipo ankhondo, akarate, a ku Nigeria, a ku India, oseketsa. Ambiri ndi omasulira m'Chinyanja."

"Si anga ayi. Ndi a mayi akunyumba. Undiikire amene azimayi amakonda."

Akazi awo, Abiti Asumani, anagwidwa ndi sitiroko mwezi wa Febuluwale ali m'munda. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, mawu nawo anathawa, anangotsala ndi "eee" ndi "ayi". Mayi amene kwa zaka zambiri ankagulitsa matimati pamsika, amene mawu ake ankamveka mpaka kuchigayo, tsopano ankangokhala pamkeka tsiku lonse maso ali kukhoma. Mwana wawo Kassim, amene ali ku Joni, ndiye anatumiza kativi ka sola kuti mayi ake azitayirako nthawi.

Fiona anawaikira mafilimu anayi a ku Nigeria, a maukwati ndi apongozi ovuta. Lachisanu, atatuluka kumzikiti, Che Rajabu anabwerera.

"Akana. Angoona pang'ono n'kutembenuka."

Anawaikira a ku India. Patatha masiku atatu anabweranso akupukusa mutu.

"Awa ndiye mankhwala a tulo. Anthu aja akangoyamba kuvina m'maluwa, mayi aja mkonono."

Oseketsa nawo sanathandize. Che Rajabu anaseka okha mpaka kutsokomola, kenako atacheuka anapeza akazi awo akuwayang'ana ndi nkhope youma. Anachita manyazi n'kuzimitsa tivi.

"Agogo, nanga ali bwinobwino ankakonda otani?" Fiona anafunsa tsiku limenelo.

Che Rajabu anali atakhala ndi mayiwo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Ankadziwa kuti tiyi amamwa atazizira, kuti nanzikambe amamuopa kuposa njoka, kuti akakwiya amasesa pabwalo posesasesa kale. Koma za kanema sankadziwa kanthu.

"Ife sitinaonerepo limodzi," anayankha. "Ndikukhulupirira kuti sanaonepo n'komwe."

"Bwanji mukafunse amake Trevor? Si ankagulitsa moyandikana?"

Amake Trevor, dzina lawo Esnart, anali mayi wa mvano ku tchalitchi, wamfupi, wa mawu okuluwika. Benchi yawo ndi ya Abiti Asumani zinakhala zogundana zaka zoposa makumi awiri. Che Rajabu anawapeza akuwaza madzi pa mpiru, ndipo atapatsana moni anafotokoza vuto lawo.

Mayi Esnart anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira benchi, kenako mwadzidzidzi anasiya n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mwawaonetsa za chikondi? Anzanga aja? Ayi, alamu, mwawazunza."

"Nanga mukudziwa bwanji inu?"

Mayiwo anayang'ana uku ndi uku. "Tinapangana kuti sitidzaulula. Koma poti zafika apa, andikhululukira. Mukukumbuka vidiyo sho ija inali kuseri kwa chigayo, ya jenereta ija?"

"Ya ana osamva ija?"

"Yomweyo. Tsiku la msika, matimati akatha msanga, tinkasiya madengu kwa atelala n'kulowa. Tinkakhala benchi ya kumbuyo, titafunda zitenje kumutu. Ine ndinkakonda za ku Nigeria. Anzanga ayi. Iwo ndi karate basi. Makamaka akakhala mkazi ndiye akumenya amuna, eee, ankaimirira, anyamata mpaka kutembenuka."

Che Rajabu anakhala pansi pa dengu lovundikira osafunsa mwini. Anakumbukira masiku amene akazi awo ankafika dzuwa litapendeka, akunena kuti kuchigayo kunali mzere wautali.

"Zinayamba liti?"

"Chaka chimene munataya Ruqaiya." Mayi Esnart anatsitsa mawu. Ruqaiya anali mwana wawo wachiwiri, anamwalira ndi malungo ali ndi zaka zinayi. "Anabwerera pamsika atauma ngati mtengo. Sankaitana kasitomala, sankadya. Tsiku lina ndinangowakoka dzanja kuti tiyeni tikaone zopusa. Mwangozi inali ya karate. Pakati pa filimu ndinamva munthu akukuwa pambali panga. Anali iwo. Titatuluka anagula chinangwa chootcha n'kudya chonse. Za kulira zija ankati safuna, kulira akukudziwa kale."

 Chaka chimenecho Che Rajabu ankakhalira kumzikiti ndi kudimba, poganiza kuti mkazi ali ndi azimayi anzake omutonthoza.

"Bwanji sanandiuze?"

"Mukanalola?"

Anafuna kunena kuti eya, koma anadziwa kuti likhala bodza. "Sindikanalola," anatero.

Fiona atamva nkhaniyo sanaseke, ngakhale milomo inkanjenjemera. Anafufuza m'kompyuta mwake mpaka anapeza filimu ya ku China ya mtsikana wogulitsa ndiwo amene achifwamba anamuphera bambo ake, iye n'kupita kumapiri kukaphunzira nkhonya.

Che Rajabu anafika kunyumba masana. Anawatsamiritsa akazi awo pakhoma ndi pilo, n'kulowetsa fulashi. Abiti Asumani anali atayamba kale kutembenuza mutu, koma ng'oma ya filimuyo italira ndipo anthu a malaya aatali ataonekera akulumpha padenga, anaima. Anayang'ana tivi, kenako anayang'ana amuna awo. M'maso mwawo munali mantha a munthu wogwidwa.

"Amake Trevor andiuza zonse," anatero Che Rajabu. "Palibe mlandu, Abiti. Onerani."

Mayiwo anapitiriza kuwayang'ana. Mlomo wawo wopotoka uja unagwedera, msozi umodzi n'kutsika. Che Rajabu anaupukuta ndi chala chachikulu, n'kukhala pamkeka pomwepo, phewa kugunda phewa.

Kunena zoona, filimuyo sinawasangalatse Che Rajabu. Mtima wawo sunkagwirizana ndi magazi, ngakhale nkhuku ankazinga atayang'ana kumbali. Munthu akamenyedwa chibakera iwo ankatsinzina. Koma pambali pawo ankamva mpweya wa akazi awo ukukwera. Dzanja lamanzere lija, lamoyo lija, linali litafumbata nkhonya pabondo.

Chakumapeto mtsikana uja anakumana ndi mkulu wa achifwamba pamlatho. Anamugwetsa pansi, koma anazengereza, n'kubwerera m'mbuyo. Pamenepo Abiti Asumani anamenya ntchafu ya amuna awo, phaa!

"M'menye!"

Mawuwo anatuluka opindika, koma anamveka. Che Rajabu anaiwala ululu wa ntchafu.

"Mwati chiyani, Abiti? Tanenaninso."

Mayiwo sanawayang'ane n'komwe. Anangowakankha ndi chigongono kuti asawasokoneze.

Mawu sanabwerere onse. Kuchipatala anali atanena kale kuti zimenezi zimatenga nthawi, ndipo mwina sizitheka. M'miyezi yotsatira anawonjezera ochepa chabe: "madzi", "Kassim", "iwe", ndi lina lotukwana limene Che Rajabu sankadziwa kuti akazi awo amalidziwa. Koma anasiya kuyang'ana kukhoma. M'mawa akasamba ankaloza tivi ndi chibwano, ndipo filimu akaikana ankaikana ndi mphamvu, kugwedeza mutu mpaka mpango kugwa. Za mfuti sankazifuna. Za malupanga ankazilola. Che Rajabu anaphunzira kusiyanitsa zonsezi, ndipo kwa Fiona ankafika akudziwa chonena.

Lamlungu lina masana Mayi Esnart anatulukira pa kabaza, akadali mu yunifolomu ya mvano, atanyamula nthochi. Anaima pakhomo mwamanyazi.

"Anzanga, ndinaulula. Mundimenye."

Abiti Asumani anatambasula dzanja lamanzere, n'kuwakokera pamkeka, n'kuwatsina pamkono mpaka mayiwo anakuwa. Kenako onse awiri anaseka, wina mokweza, wina ndi mapewa okha.

"Lero tione ya ku Nigeria, inetu ndine mlendo," anatero Mayi Esnart.

"Ayi," anatero Abiti Asumani.

Che Rajabu anawaikira ya karate, n'kupita kukitchini kukatereka madzi a tiyi. Utsi unawavuta, nkhuni zinali zaziwisi. Pobwera ndi makapu anaima pakati pa chipinda, akufuna kudziwa ngati mnyamata wa m'filimuyo wapulumuka m'dzenje limene anamuponyamo.

"Alamu, mukutitchinga," anatero Mayi Esnart.

Anapepesa, anaika makapu pansi, n'kukakhala pa kampando ka pakona kuti aone mathero ake.