Ndege pa Chiliza cha a Vinsenti

Alamu anga a Yoswa anabwera ndi mmisiri kudzamanga chiliza cha amuna anga kwathu ku Chezi. Simenti isanaume, ndinaona mmisiri uja akujambula mapiko ndi msomali.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Ndege, alamu," anatero a Yoswa. "Dowa yonse idziwe kuti pano pagona ngwazi yosaopa mitambo."

Ngwazi! Iwo ankangodziwa chipewa cha ntchito ya m'ndege ndi shuga amene a Vinsenti ankawagulira. Malaya ndinkachapa ndine. Ankabwera nawo atanyowa ndi thukuta ngati achokera kudimba.

A Vinsenti ankaiopa ndege. Tsiku la ulendo sankadya, tiyi yemwe ankabwerera. Mabatani ankawakanika mpaka ndinkawamangira ine, kenako iwo n'kukwera njinga yamoto kupita ku bwalo la ndege ku Lumbadzi akuimba mluzu kuti anthu aone. Akanauza ndani? Dziko lino ukati ndikuopa, amakufunsa kuti wamva chiyani, ndipo ntchito yathera pomwepo.

Komatu tinkakhala bwino. Ankandiuza kuti, "Roza, uziyanika ufa pathanthwe paja. Ndikauona mbee ndili m'ndege, mtima umakhala pansi." Ndiye ndinkayanika, ngakhale ufa wouma kale, amayi anzanga n'kumandiseka kuti ndapenga. Madzulo akafika ankavula nsapato, n'kumayenda m'mizere ya mtedza osalankhula, zala zikumira m'dothi. Akatero ndiye ankapempha madzi osamba, n'kuyamba nthabwala zawo. Mulungu anawamvera, anafera pamphasa, ndi chifuwa.

Ndinagwada pachilizapo, n'kufafaniza mapiko aja ndi chikhatho.

"Alamu, mwatani! Mukumuchititsa manyazi m'bale wanga!"

"Manyazi ake ati? Munthu chamuzunza moyo wake wonse, lero mukufuna mumusanjike nachonso pamutu? Ankaiopa ndege! Mwamva? Ankasanza kuseri kwa chigafa chanu chomwechi, inu muli kalikiliki kunyadira kumowa. Lembani dzina ndi mtanda, basi. Musiyeni agone."

Mmisiri anayang'ana a Yoswa, msomali uli m'manja. Ndinali wokonzeka kukhala pasimentipo mpaka iume ndi ine ndemwe.

A Yoswa anakanda kumutu, maso ali pansi.

"Tili ana, mango ndinkamuthyolera ndine," anatero chapansipansi. "Iyeyu ankangoima patsinde, atatambasula malaya."

Kenako anatembenukira kwa mmisiri uja. "Salazani, achimwene. Mtanda ndi dzina."