Dothi la ku Balga

Ndinafika kutada. Inali sikisi koloko chabe, koma mu Juni dzuwa la ku Perth silichedwa kulowa. Mvula inali kuwaza. Foni inandiuza kuti ndafika, kenako netiweki inathawa.

Patsogolo panga panali geti lachitsulo. Pambali pake chikwangwani, burashi yomangidwa ndi tcheni, ndi botolo la mankhwala opopera. Ndinawerenga ndi magetsi a galimoto. Tsukani nsapato. Tsukani matayala. Dothi lakunja lisalowe m'nkhalango muno. Malamulo amenewa si achilendo kwa ine. Kumgodi kumene ndimagwira ntchito, kumpoto uko, galimoto silowa dera lina isanatsukidwe. Ndinatsika, ndinapala matope, ndinapopera. Kenako ndinalowa.

Nkhalango ndi ine sitidziwana. Ndinakulira ku Area 25, ku Lilongwe, ndipo mtengo umene ndinkaudziwa bwino unali wa mango wa kwa aneba. Ndakhalako ku Joni, ku Kitwe, ku Darwin. Paliponse zaka ziwiri, basi, chikwama paphewa. Wokhazikika m'banja mwathu ndi achemwali anga, a Lettie. Iwo akafika pamalo amayamba ndi kufunsa kumene kumagulitsidwa makasu.

Msewu unali wadothi, wokhotakhota. Ndinawoloka timitsinje tiwiri. Kangaru wina anaima pakati pa njira n'kundiyang'ana ngati ndalakwitsa nyumba. Kenako ndinaona kuwala.

Inali nyumba yamiyala, yakalekale, denga lamalata. Ili m'paki ya boma, kumapiri a kum'mawa kwa mzinda. Nyumba zotere boma limazibwereketsa kuti pakhale munthu wozisamala zisagwe. Achemwali ndi amuna awo, a Overtone, anaitenga kuti azigulitsiramo tiyi ndi masikono kwa anthu oyenda m'nkhalango. Ankagona kuzipinda zakumbuyo. Chaka ndi theka chinali chitatha, ine osapondako.

Achemwali anatsegula chitseko ndisanagogode.

“Wabwera ndi pikapu?”

“Moni kaye, achemwali.”

“Moni. Wabwera nayo?”

“Mwati ndibwere nayo. Ndabwereka kwa mnzanga.”

“Wanenepa. Kumgodiko amakudyetsani chiyani?”

Anandipatsa tiyi ndi sikono ladzulo. Matebulo anali otalikiranatalikirana, monga lamulo la mliri linkanenera. Pakhomo panali buku lolembamo mayina a alendo. Tsamba la sabata imeneyo linali ndi mayina atatu. A Overtone kunalibe. Anapita ku Malawi mu Malichi chaka chatha kukaona abale, malire n'kutsekedwa iwo ali komweko. Tikiti iliyonse imene ankapeza inkafufutidwa.

Ndisanamalize tiyi, achemwali anatenga tochi.

“Tiye ukaone.”

Tinazungulira kuseri, kudutsa thanki ya madzi. Tochi inaunikira mizere inayi, yokwezeka bwino, yowongoka ngati ya kumudzi. Mpiru. Chisoso. Mapesi a bonongwe wouma osiyidwira mbewu. Dothi lake lakuda bii, losiyana ndi miyala yofiira ya pamalopo. Pambali panali masaka opanda kanthu ndi mafosholo awiri.

Ndinalizindikira.

“Ili ndi dothi la ku Balga,” ndinatero.

“Ndi la amayi.”

Amayi athu anabwera kudzacheza mu 2019. Anakhala miyezi isanu ndi umodzi ku Balga, dera lina la mu Perth, m'nyumba ya lendi imene achemwali ankakhala nthawiyo. Wailesi yakanema inawatopetsa sabata yoyamba yomwe. Anapempha khasu. Kuseri kwa nyumbayo kunali mchenga wokhawokha, koma iwo anauthira manyowa, makoko a mbatata, masamba a tiyi, phulusa. Pobwerera kwawo anasiya dothi lakuda. Achemwali posamuka analikumba lonse n'kulinyamula m'masaka. Nthawiyo sanaganize zambiri. Dothi labwino silisiyidwira eni nyumba, basi.

Mu Januwale chaka chino mliri unawatenga amayi. Maliro tinaonera pafoni. Anaigwira ndi a Overtone.

“Tsopano yang'ana uko,” anatero achemwali.

Analoza tochi kumunsi. Kuchokera kumizere kunali kangalande kamene anakumba kuti madzi asamadikhe m'dimba. Kankatsetsereka ndi phiri. Kumene kankathera kunali mitengo ya bankisiya, ija ya maluwa ooneka ngati zisononkho. Masamba ake anali ofiirira, ouma, ngakhale mvula inali itagwa mwezi wathunthu. Uliwonse unali ndi kansalu kachikasu komangidwa pathunthu. Ndinawerenga isanu ndi iwiri.

“Wamanga ndani?”

“Katherine. Woyang'anira paki. Akuti mwina ndi nthenda yowoletsa mizu ija. Mawa m'mawa abwera kudzatapa dothi kuzungulira nyumba yonse, akaliyeze.”

“Dimbali akulidziwa?”

“Kuseri kuno sabwerako.”

“Pangano la nyumba likuti chiyani?”



“Likuti mbewu yakunja ayi. Dothi lakunja ayi. Ukaswa, atha kukulanda makiyi.”

“Ndiye munawerenga.”

“Ndinawerenga, iwe! Ndinkayesa akunena malole a anthu omanga. Osati timasaka ta mayi wokalamba.”

Maganizo awo anali okonzeka kale. Tikumbe mizere yonse madzulo omwewo. Tipakire m'pikapu. Pamalopo tisalaze, tiwazepo masamba ouma. Ine ndikatule masaka ku Balga, kwa Mayi Julia a kumpingo kwawo, amene anali atavomera kale. Katherine akafika apeze thanki ndi miyala.

Ndinatenga fosholo. Ndisanamepo, ndinaitenga. Munthu amene wakhala osabwera chaka ndi theka sayamba ndi kukana. Achemwali anagwira thumba, ine ndinkathira. Dothi linali lolemera, lonyowa, lonunkhira ngati m'mawa wa Disembala kwathu. Thumba litadzaza ndinalinyamula. Pansi pake panatuluka madzi akuda. Anadontha pa jombo yanga, n'kutsikira m'kangalande kaja.

Ndinaliika pansi.

Kumgodi amatiphunzitsa zimenezi chaka chilichonse, ife tikuwodzera. Zina zinatsalira m'mutu. Nthendayo sioneka ndi maso. Imakhala m'dothi lonyowa, imayenda ndi madzi. Kadothi kodzaza supuni n'kokwanira. Ikalowa pamalo sichoka.

“Achemwali, sindinyamula.”

“Lakulemera? Ndiye kunenepa konseku n'kwachabe?”

“Kuchokera pano kukafika pageti ndi makilomita anayi. Timitsinje tiwiri. Masaka awa azikadontha njira yonse. Ngati nthendayo ili muno, tikhala taifesa paki yonse usiku umodzi.”

“Ngati. Wanena wekha kuti ngati.”

“Ee, ngati. Mwina sinachokere muno. Mwina inabwera ndi nsapato za alendo. Sindikudziwa. Inunso simukudziwa.”

“Yala pulasitiki pansi.”

“Mvula ikugwa. Ndiponso dothi simungalichotse lonse. Latha chaka likutsikira uko. Akayeza apeza basi. Adzapezanso kuti munakumba usiku.”

Anazimitsa tochi. Tinaima mumdima, mvula ikulira pa thanki.

“Chiukepo,” anatero. Akatchula dzina langa lonse ndiye kuti zavuta. “Ukudziwa kuti ndikachoka pano ndilibe kopita? Nyumba ya ku Balga muli anthu ena. Alamu ako ali ku Lilongwe, akugona pa mkeka kwa mng'ono wawo. Akamaimba amafunsa kuti denga likudonthabe? Makasitomala abwera angati? Ndiwauze kuti chiyani? Kuti mubwerere kulibe nyumba chifukwa cha chisoso?”

“Muwauze zoona.”

“Zoona! Wayamba liti ubusa? Iwe zikakuvuta umanyamula chikwama chimodzi, ulendo. Tsiku loika amayi unali kuti?”

“Pa shifiti.”

“Pa shifiti. Foni m'thumba.”

Zinali zoona. Ndinaonera mphindi khumi m'chipinda chodyera, mawu nditatseka, mzungu wina akutenthetsa chakudya pambali panga. Bokosi likutsika ndinaika foni m'thumba n'kubwerera kumakina. Sindinauzepo munthu. Achemwali anangodziwa.

“Ine manda sindinawaone,” anapitiriza, mawu atatsika. “Dothi sindinaponye. Chimene ndili nacho ndi ichi. M'mawa uliwonse ndimabwera kuno, ndimazula udzu, ndimawauza za tsikulo. Akabwera a boma adzalikumba ndi makina atavala magolovesi. Adzalitaya kudzala ngati zinyalala za kuchipatala.”

Ndinanena chokhacho chimene ndinkadziwa.

“Moto umaipha.”

“Chiyani?”

“Nthendayo. Dothi ukaliwotcha bwinobwino, imafa. Koma china chilichonse chimafanso. Mbewu, nyongolotsi, zonse.”

“Ndiye phindu lake n'chiyani?”

Anayatsa tochi, anandiunika kumaso, kenako anabwerera m'nyumba. Thumba lija linatsala pomwepo. Ndinalikokera pamwamba pa mizere kuti madzi ake abwerere kumene anachokera. Kangalande ndinakatseka ndi miyala. Sindikudziwa ngati zinathandiza.

Sanandionetse chipinda. Ndinagona pa benchi pakati pa matebulo, jekete kumutu. Pakhoma panali zithunzi za amuna amene anamanga nyumbayo, atavala zipewa, atanyamula miyala pamapewa. Ankaoneka anjala. Ndinawafulatira.

Chinandidzutsa ndi fungo. Silinali la masikono. Linali ngati la uvuni wa njerwa. Kunja kunali kusanayere. Ndinapita kukhitchini.

Achemwali anali atakhala pampando, chitenje paphewa, maso otupa. Patebulo panali thireyi ya masikono yodzaza dothi. Linali litauma, lotuwa, likufukabe nthunzi. Ankalithira ndi supuni m'zitini ziwiri za mkaka wa ufa.

“Maola awiri, moto wonse,” anatero osandiyang'ana. “Zakwana?”

“Ndikuganiza choncho.”

“Ukuganiza.”

Anatseka chitini chimodzi, anachimata ndi tepi kuzungulira, n'kuchikankhira kwa ine.

“Ichi n'chako. Usachisiye ku Darwin kapena kulikonse kumene uthawire.”

Ndinachigwira. Chinali chotentha.

“Ndamuimbira Katherine,” anatero, akuloza ndi mutu foni ya pakhoma. “Ndamuuza zonse. Masaka, mizere, ngalande. Ndamuuzanso za amayi. Sindikudziwa chifukwa chake.”

“Wati bwanji?”

“Akuti ndisakhudzenso kanthu. Tiyi ndisagulitse mpaka zotsatira zituluke. Masabata sikisi. Dimba lichoka, zimenezo n'zosakambirana. Akapeza kuti nthenda inachokera m'dothi lathu, makiyi ndibweza. Akuti si iye woweruza, koma alemba kuti ndinanena ndekha.”

“Mwina zithandiza.”

“Mwina. Iwe ndi mwina wakoyo.”

“A Overtone mwawauza?”

“Kwawo ndi usiku. Agone kaye.”

Ndege yanga yobwerera kumgodi inali ya naini koloko. Pikapu inafunika kubwezedwa kwa mwini wake ku Nedlands. Ndinati nditha kuimba kuntchito kuti ndadwala, ndikhale mpaka Katherine atafika.

“Pita,” anatero. “Ukakhala uzingondiyang'ana ngati galu wakuba mazira.”

Anandiperekeza mpaka pakhonde. Sitinakumbatirane. Anandichotsa kanthu paphewa, anakayang'ana, n'kukaponya m'thumba la epuloni yawo.

Ndinayendetsa pang'onopang'ono. Kunkacha. Tsopano ndinkaiona nkhalango ija: mitengo yaitali ya makungwa otuwa, ndi bankisiya paliponse, wobiriwira, maluwa ali njo. Pa kamtsinje koyamba ndinachepetsanso liwiro. Kumbuyo kwa pikapu kunalibe kanthu.

Pageti ndinatsika. Ndinapala jombo mpaka dothi lakuda lonse linagwera m'bokosi la pansi pa burashi. Ndinapopera kawiri. Ndikuwerama ndinaona buluku langa. Kuyambira m'mawondo kutsika linali lodzaza njere za chisoso, zakuda, zakanirira ngati singano. Tili ana amayi ankatikhazika pakhonde kuti tizichotse tisanalowe m'nyumba.

Ndinakhala pa mwala n'kuyamba kuzula imodzi imodzi.

Galimoto yoyera ya paki inaima kunja kwa geti. Munatuluka mayi wamtali, wa tsitsi la imvi, masiki ili pachibwano. Anayang'ana kumbuyo kwa pikapu, kenako ine, kenako chikhatho changa.

“Ndinu mchimwene wa Lettie?” anafunsa m'Chingerezi.

“Ee.”

“Mwanyamula chilichonse cha m'dimbamo?”

Ndinamuonetsa chitini chomata ndi tepi. Ndinati ndi lowotcha, maola awiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Sanachigwire. Anabwerera kugalimoto yake, anatenga kajumbo kapulasitiki, n'kukatsegula patsogolo panga. Ndinathiramo njere zija. Anadikira mpaka nditamaliza mwendo wachiwiri. Anamanga kajumbo, analembapo tsiku.

Kenako anatsuka nsapato zake, analowa. Ine ndinatuluka.

Chitini ndinachiika pampando wa pambali panga. Pofika pa msewu wa tala chinali chitazizira.