Benchi Si Thalauza

Moni nonse amene mwatsegula tsamba lino. Tiyamike Mulungu amene watidzutsanso lero ndi kutipatsa maso owerengera.

Panali bambo wina amene anthu ankangowatcha Atelala. Atapuma pantchito kufakitale ya zovala, matenda sanapume nawo. Shuga anakwera, magazi ankathamanga, ndipo adokotala anawauza kuti kukhalira sofa tsiku lonse ndi kudzikumbira manda ndi matako. Apeze chogwira.

Koma mtanda wolemera m'nyumbamo unali wa akazi awo. Mayiwo anaterereka m'bafa n'kuchitidwa opaleshoni ya chiuno. Namwino amene ankabwera kudzawaona anasiya mawu awiri: asakhale pampando wotsika, ndipo aziyenda tsiku lililonse. Akaleka, mwendo uuma, ndipo atsirizira moyo wawo pa njinga yokankha.

Mayiwo ankayesetsa. Ankatsika pakhonde ndi ndodo, n'kudutsa kapinga mpaka kumpanda, kumene kunali benchi yakale yathabwa pansi pa mtengo wa mandimu. Ankapumira pamenepo, n'kugwira chogwirira cha m'mbali, n'kudzuka kubwerera. Mphamvu zopita ndi kubwerera osakhala pansi analibe.

Tsiku lina kathabwa kakuthwa kanang'amba diresi lawo. Atelala anayang'ana benchiyo, yotuwa ngati phulusa, yogwedera, ndipo mtima wawo unadumpha. Chogwira chija chinali chitapezeka.

“Ndiikonza, mayi. Mukadzaiona mudzaiyesa ya m'sitolo.”

“Nanga ine ndizikhala pati?”

“Mawa lomweli yabwerera.”

Anaikweza pa wilibala n'kuilowetsa m'galaja. Pamalo pake anaikapo mpando wapulasitiki. Mayiwo anaukhalira kamodzi, mwendo umodzi wa mpandowo n'kumira m'dothi, iwo n'kutsala pang'ono kugwa. Kuyambira pamenepo anakana kutsika pakhonde.

Mawa lija linabala mawa linzake. Utoto wakale unakana kuchoka. Atelala anapala ndi sandipepa mpaka nsonga za zala zinasalala, fumbi lili tuu m'tsitsi ndi m'mphuno. Misomali yadzimbiri inkathyokera m'kati. Guluu anamata chala chawo bwino kuposa thabwa. Atapaka vanishi woyamba, kunja kunachita chinyezi, vanishiyo n'kukhala nembenembe, ntchentche n'kuferamo. Anapalanso.

Aneba, mkulu wina wogontha khutu limodzi koma wa pakamwa pathanzi, ankasuzumira pampanda.

“Achimwene, chingalawacho chitha chigumula chisanafike?”

“Samalani nkhuku zanu, aneba.”

Chodabwitsa n'chakuti Atelala ankachira. Thukuta linkatuluka, tulo tinkabwera, lamba anasunthira pabowo lina. Ankatuluka m'galaja akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi. Mayiwo ankawayang'ana ali pakhonde, mwendo uli pa pilo.

“Benchi ikuchira. Inu mukuchira. Wodwala weniweni ndi amene akuuma.”

“Pirirani, mayi. Kupirira kuli ndi mphotho.”

“Musandilalikire, Atelala. Mavesiwo ndinkakuphunzitsani ndine muli mnyamata wopanda jekete.”

Mayiwo akati “Atelala” m'malo mwa “bambo”, kunyumbako nyengo inkakhala itasintha.

Namwino atabweranso, anapinda mwendo wa mayiwo n'kukwinya nkhope. Unali utayamba kulimba. Sanakalipe. Anangofunsa abambowo ngati zitseko za m'nyumba mwawo zili zotakata mokwanira kudutsa njinga yokankha ija. Mawu amenewo anawalasa, ndipo anabwerera m'galaja ali ndi changu cha munthu amene nyumba ikumupsera.

Atatembenuza benchi, anapeza kuti kumapazi kwake kwawola chifukwa chokhala padothi. Chala chinkalowa ngati m'buledi. Apa mtima wa telala unalankhula. Thalauza likabwanyuka kumapazi umatani? Umadula, n'kupinda. Anatenga tepi ndi choko, analemba mizere, nadula ndi sowo mapazi onse anayi.

Ataimika, benchi inatsimphina. Anadulako mwendo wautali. Inatsimphinira kwina. Anadulanso. Sanakumbuke kuti simenti ya m'galajamo inali yotsetsereka kuti madzi azituluka, ndipo iwo ankayeza mpando wowongoka pamalo okhota. Ankadula akusisima, akudula akupemphera, mpaka benchi inaima nji. Anapaka vanishi womaliza, ndipo ulendo uno anauma. Thabwa linawala ngati uchi padzuwa.

M'mawa wina anaibweza pansi pa mandimu n'kukagogoda pakhomo la kuchipinda ngati mkwati.

“Mayi, tiyeni mukaone ntchito ya manja anga.”

Ulendo wa pakapinga unali wowawa. Mwendo unkakokeka, mayiwo akuluma mlomo. Atafika anali atatheratu, ndipo sanayang'ane n'komwe kuwala kwa vanishi. Anatembenuka, nagwira chogwirira, nadzitsitsa. Pamene matako ankayembekeza thabwa, panalibe kanthu. Anapitirira kutsika mpaka anafika phi! mawondo ali m'mwamba.

“Mayo! Atelala, mwaitani benchi yanga?”

“Ndangochotsako kowola.”

“Kowola? Mwaipinda ngati kabudula wa mwana wa sukulu! Benchi si thalauza, bambo inu!”

Anayesa kudzuka. Anakankha chogwirira, nakankha ndodo, thupi osasuntha. Anayesanso, misozi n'kulengeza. Abambowo anawagwira mikono kuti akoke, mayiwo n'kukuwa kuti chiuno chikung'ambika.

“Kaitaneni aneba.”

“Aneba? Kuti mawa msewu wonse udziwe?”

“Ndiye ndigone pano? Mundibweretsere bulangete ndi buku la nyimbo, muyambiretu kundiimbira za maliro?”

Atelala anazungulira benchi akudzikanda m'mutu. Kunyada kumabala nzeru zachilendo. Anagwada pakapinga kutsogolo kwa akazi awo, manja pansi, msana uli thyathyathya ngati tebulo.

“Dzanja limodzi pabenchi, lina pamsana panga. Kankhani.”

“Mwapenga?”

“Kankhani, mayi!”

Mayiwo anakankha ndi mkwiyo wonse wa masabata aja, ndipo mkwiyo uli ndi mphamvu. Anaimirira. Koma nthawi yomweyo mumsana mwa Atelala munalira kuti thyo! Anayesa kuwongoka, ululu n'kuwabweza pansi ngati mphenzi.

“Dzukanitu.”

“Sindingathe.”

Mayiwo anawayang'ana amuna awo ali chokwawa pakapinga, ngati mfumu yodzikuza ija ya m'Malemba imene inadya udzu pamodzi ndi ng'ombe. Sanaseke. Anali atatopa kwambiri moti sakanatha.

“Aneba!” anakuwa Atelala, kunyada kutatha. “Achimwene!”

Kuseri kwa mpanda wailesi inali kulira mokweza, ndipo khutu labwino la aneba linali komweko. Foni inali m'nyumba, pamwamba pa kabati pamene mayiwo sakanafikira.

“Khalaniko kaye pansi mupume,” anatero abambowo, nkhope ili m'udzu.

“Ndikhale pati? Pa chimbudzi cha mwana mwandipangirachi?”

Panalibe pokhala, panalibenso wina woti atumidwe. Mayiwo anayang'ana kugeti. Chichokereni kuchipatala anali asanafikeko. Anagwiritsa ndodo, nakoka mwendo woumawo, nayamba. Atelala ankangoona mapazi a akazi awo akuchoka pang'onopang'ono, ndipo anawamva akuimba nyimbo ya kutchalitchi kudzera m'mano, mwaukali, ngati akukalipira nayo munthu. Pageti nyimboyo inaduka. Abambowo anatseka maso n'kupemphera pemphero lalifupi kwambiri m'moyo wawo, losapempherera msana wawo konse. Kenaka chitsulo cha geti chinalira, nyimbo n'kuyambiranso panja, kumsewu.

Nyerere zinali zitayamba kukwera m'manja mwawo pamene nsapato za aneba zinatulukira pakapinga.

“Achimwene, mwayamba kumweta ndi mano?”

“Mayi ali kuti? Agwa?”

“Agwa? Andigogodera chitseko ndi ndodo mpaka utoto kusupuka. Ali m'khitchini mwanga pa situlu yaitali ija, akumwa madzi. Akuti mawa abweranso ndi miyendo yawo, popeza kwawo kulibe mpando wa munthu wamkulu.”

“Afika okha mpaka kwanu?”

“Okha. Ndipo akuti ndisafulumire kukudzutsani.”

Atelala anagwetsa mphumi paudzu. Aneba anayesa kuti akulira ndi msana, ndipo anawagwira m'khwapa mosamala.

Ambuye amene amawongola opindika akulimbitseni mawondo, inu owerenga. Akupatseni poti mupume mukatopa ndi mphamvu zodzukira, ndipo mtendere wake ukhale panyumba panu, pa inu ndi pa amene mumakalamba nawo. Ameni.