Tambala wa M'katoni

Amake mapasa anafika kukhoti la apilo mwana wina ali kumsana, wina m'manja. Amuna awo, omwe ankayeza masikelo pamsika, anali atagamulidwa kukakhala kundende zaka zitatu. Wabutchala ndiye anawanenera kuti analandira chiphuphu cha tambala wakuda kuti asalande sikelo yake yobera anthu. Apolisi anakagwiradi tambala pakhomo pawo, koma pamlandu woyamba umboniwo unangokhala m'katoni yomata. Palibe amene analoledwa kusuzumiramo.

"Tambalayo ndi wanga," mayiwo anakumbutsa loya wawo pakhomo la khoti. "Ndinamudula chala ali mwanapiye. Inu mukangotsegulitsa katoni, basi."

"Mayi, malamulo si khola la nkhuku," anatero loya akukonza tayi.

Loyayo analankhula ola lathunthu, ndime iyi, ndime iyo, mpaka woweruza anayamba kusinza. Kenaka katoni ija, ili patebulo pomwepo, inayamba: ko-ko-ko-kweee!

Amake mapasa anadzambatuka.

"Pepani bwana, ine sukulu ndinalekeza panjira, koma tambala satetera."

"Khalani pansi, mayi inu!" anakalipa loya wa boma.

"Asiyeni," anatero woweruza, tulo titabalalika. "Mwati bwanji?"

"Muli dzira mmenemo. Lofunda."

Woweruza anaitana wosunga katundu wa umboni, mkulu wamimba yemwe onse ankangomuti Makiyi. Makiyi anamatula katoni ija. Munatuluka thadzi lofiira, n'kudumphira pamafailo a loya wa boma, n'kusiyapo chitosi. M'katonimo munatsala dzira.

"Chikalata chikuti tambala wakuda," anatero woweruza. "Nanga uyu ndani?"

"Bwana, miyezi isanu ndi itatu si masewera. Nkhuku imasintha," anatero Makiyi.

"Mpaka kuikira?"

"Kuchipinda chathu kumatentha kwambiri, bwana."

Woweruza anavula magalasi. Anati munthu sangagone kundende chifukwa cha umboni womwe sanaloledwe kuuona, womwenso lero palibe angauone. Anathetsa chigamulo chija.

Bambo a mapasa anathamangira kwa akazi awo atatambasula manja, misozi ili mbwembwembwe. Mayiwo anangowapatsira mwana n'kupitirira.

"Achimwene," anatero atafika pa Makiyi, maso ali pamimba, "tambala wanga anakoma?"

Makiyi anayang'ana kudenga.

Amake mapasa anapanira thadzi m'khwapa, dzira n'kulikulunga m'thewera loyera.

"Tiyeni kwathu, bambo a mapasa. Mwanayo mugwire bwino, wangoyamwa kumene."