Mpando wa Atelala

Pa nyumba ya atelala chakudya chotentha sichinkadziwika. Osati chifukwa cha ophika ayi, koma pemphero. Atelala ankathokoza Mulungu pa chinthu chilichonse cha pa tebulo, chimodzichimodzi: mchere, madzi, mpunga, manja amene aphika, ngakhale supuni yopindika ija. Ana awo ankanong'onezana kuti tsiku lina bambo adzathokozanso ntchentche.

Kenako sitiroko inawagwira. Dzanja lamanja linafa, pakamwa panakhota, lilime linalemera. Anasamukira kwa mwana wawo wachisamba, mphunzitsi, amene ankawasambitsa m'mawa uliwonse asanapite ku ntchito, osanyinyirika. Pamenepo timpatse ulemu wake. Koma mphunzitsiyu anali ndi nthenda yakeyake yosamva mankhwala, nthenda ya manyazi.

Lamulungu lina anaitana ahedi a pasukulu pake ndi akazi awo kudzadya masana. Alendo atakhala, iye analowa kuchipinda kwa bambo ake ndi mbale pa thireyi. Anati lero adyere momwemo, pabalaza pali phokoso, apumuleko.

"Nanga pe... pemphe..."

"Mupemphere chamumtima, bambo. Mulungu amamva."

Chitseko chinatsekedwa. Atelala anaiyang'ana mbaleyo, mtima ukuwawa, kenako unayamba kupsa. Mulungu amamva, inde, ndani sadziwa zimenezo? Koma iwo anaona kumene nkhaniyi ikulowera. Lero akuti alendo, mawa adzati phokoso, mkucha pa mpando wawo wa kumutu kwa tebulo padzaunjikidwa zovala zodikira kusita. Sanafe, ndipo sanali okonzeka kuikidwa m'manda ndi thireyi. Anakoka ndodo yawo.

Kakhonde ka m'nyumbamo n'kakafupi, koma kwa munthu wokoka mwendo ndi ulendo. Silipasi imodzi inatsalira m'njira, sanaibwerere. Atatulukira pabalaza anapeza mpongozi wawo, mkazi wa mphunzitsiyo, akugawa mpunga, ahedi atakhala pa mpando uja, supuni ili kale m'manja.

Ahedi anaimirira mwaulemu kuti apereke malo, akuyembekeza kuuzidwa kuti ayi khalani. Atelala sanakane n'komwe. Anakhala.

Mphunzitsi anayamba kufotokozera alendo kuti bambo sakupeza bwino, chakudya chawo chili kuchipinda. Atelala sanamuyang'ane. Anatseka maso nayesa pemphero lakale lija, koma mawu anaphwanyikira pakamwa, malovu natsikira pa kolala. Akazi a ahedi anayang'ana pansi. Manyazi anawakwera atelala mpaka m'makutu, n'kutsala pang'ono kuwabweza kuchipinda. Koma liwu limodzi sitiroko inali itawasiyira lathunthu.

Anatsegula maso, naika dzanja lamanzere pa kabotolo ka mchere.

"Zikomo."

Anagwira jagi ya madzi. Zikomo. Mbale ya mpunga, zikomo. Anagwira dzanja la mpongozi lomwe linali ndi kabala ka mafuta otentha, ananena liwu lomwelo. Anagwira ndodo yawo. Palibe anatakasa supuni, ndipo nthunzi ya pa nkhuku inali ikutha.

Kenako anachita chomwe aliyense sankafuna kuona. Ananyamula dzanja lakufa lija kuchokera pamiyendo, naliika pa tebulo pakati pa mbale, zala zitapindika. Dzanja limeneli linasoka yunifolomu ya mwana aliyense wa m'nyumba mwawo. Analisisita, nakweza mawu kuti ndi akumwamba omwe amve kuti sakudandaula.

"Zikomo."

Anatsala mphunzitsi, ataima pambali pa mpando ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Atelala anamugwira pa mkono, mkono womwe unawanyamula m'bafa m'mawa wa tsiku lomwelo, womwenso unabweretsa thireyi. Mwanayo anafuna kuuchotsa. Iwo anaugwiritsa, mpaka mwanayo anakweza maso nayang'anizana nawo.

"Zikomo," anatero atelala, osamusiya.

Ameni wa mphunzitsi anatuluka mochedwa, wosasa, koma anamveka, ndipo alendo anamutsatira.

Mpunga unali utazizira, monga mwa masiku onse. Mphunzitsi anapita kuchipinda, nabwera ndi mbale ya bambo ake m'dzanja lina, silipasi ija m'dzanja lina. Thireyi anaisiya komweko.