Miyezi Khumi ndi Iwiri ya Wonola Mipeni

Majaji atatu atatuluka m'khoti, loya anatembenuka akumwetulira. Pa benchi yokwana anthu khumi panali Wonola yekha, chipewa chili pamawondo. Anzake onola mipeni analonjeza kubwera, koma sanaoneke ndi mmodzi yemwe.

"Tawina, bambo!"

"Tawina chiyani, mayi? Ine ndangomva dzina langa kawiri."

"Lamulo lija loti apolisi azitsekera aliyense wopezeka ndi mpeni mumsewu, osamufunsa chifukwa. Majaji ati likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Munthu sakhala wolakwa asanamumve."

Lamulolo linali litamugoneka m'chitokosi katatu, atanyamula mipeni ya eni ake. Kachitatuko mkazi wake anatopa ndi njira ya kupolisi, napita kwa mlongo wake, osabweranso.

"Ndiye mawa ndiyambe kuzungulira?"

Loya anayamba kulongedza mapepala. "Apo ndiye pali kamfundo. Apatsa Nyumba ya Malamulo miyezi khumi ndi iwiri kuti ilikonze. Mpaka pamenepo likugwirabe ntchito."

"Lolakwikalo?"

"Lomwelo."

"Lafa kapena lili moyo?"

"Lafa, bambo, koma maliro ake ndi chaka chamawa."

"Ndiye inenso ndidzadye chaka chamawa?"

Atolankhani anali kumuitana loya pakhomo. Iye anangomupatsa Wonola mapepala achigamulo n'kutuluka. Mlanduwo unali wa dzina lake, koma palibe anamufunsa kanthu Wonola.

Masiku atatu anakhala pakhonde la nyumba yake ndi gudumu lake lonolera, kudikira anthu. Kunabwera munthu mmodzi, ndipo ankangofunsa njira.

Tsiku lachinayi m'mawa anamangirira gudumulo panjinga, napinda chigamulo chija n'kuchiika m'thumba la malaya. Kenako anagogoda kwa neba.

"Amake mapasa, nayi kiyi. Ndikapanda kubwera, munditsekereko nkhuku."

"Inu achimwene, simunakhute m'chitokosi? Bwanji osadikira chaka chomwecho?"

"Akandigwira lero atigwira anayi," anatero akusisita thumbalo. "Ine ndi majaji atatu."

"Majajiwo akagona pasimenti ndi inu?"

Wonola anaseka pang'ono. Anakankha njinga mpaka pamphambano. Kumanzere kunali kumisika, kodutsa pa polisi. Anaima kanthawi, n'kukhosomola kuti mawu atseguke, nakhotera komweko.

"Mipeniii! Masizasi! Tikunolaaa!"